Ngongole ya reverse mortgage ku America ndi kafukufuku wa nyumba za okalamba: mafunso ndi mayankho

Ku United States kuli ngongole imene munthu wachikulire amatenga poika nyumba yake chikole, koma osabweza kalikonse mwezi ndi mwezi. Otsatsa malonda amaikometsera kwambiri pa wailesi yakanema, pomwe ena amaiona ngati msampha. Mafunso ali m'munsiwa ndi a amene akukhala kumeneko, a amene ali ndi makolo kapena abale okalamba okhala ndi nyumba kumeneko, komanso a aliyense wofuna kudziwa mmene zoona za ngongoleyi zinadziwikira, ndi amene analipira kuti zidziwike.

Kodi reverse mortgage n'chiyani kwenikweni?

Pa ngongole ya nyumba imene tinaizolowera, banki imakukongozani ndalama, inu n'kumabweza pang'onopang'ono mpaka ngongole itatha. Pa iyi zinthu zimayenda chobwerera. Nyumba muli nayo kale, banki imakupatsani ndalama, ndipo ngongole imanka nikula chifukwa chiwongoladzanja chimangounjikana pamwamba pake. Imadzabwezedwa mukamwalira, mukagulitsa nyumbayo, kapena mukasamukamo. Nyumba imakhalabe m'dzina lanu nthawi yonseyi. Banki sikhala mwini wake.

Ngongole zambiri za mtunduwu ku America ndi za pulogalamu yotchedwa Home Equity Conversion Mortgage, mwachidule HECM. Wotenga ayenera kukhala wa zaka 62 kapena kuposerapo, nyumbayo ikhale imene amakhalamo, ndipo ngati pali ngongole yakale ya nyumbayo, imayamba yathetsedwa ndi ndalama za ngongole yatsopanoyi. Ndalama zotsala mutha kuzitenga zonse pakamodzi, kumalandira mwezi ndi mwezi, kapena kuzisiya ngati thumba lotapamo pakagwa vuto.

Inayamba liti, nanga boma likulowamo bwanji?

Ngongole yoyamba yodziwika ya mtunduwu inaperekedwa mu 1961 ku Portland, m'chigawo cha Maine, kwa mayi wina wamasiye amene ankafuna kukhalabe m'nyumba yake. Kwa zaka zambiri zinali za apo ndi apo, chifukwa banki iliyonse inkaopa chinthu chimodzi: bwanji ngati wokongolayo akhala ndi moyo nthawi yaitali mpaka ngongole kuposa mtengo wa nyumba?

Mantha amenewa anawachotsa ndi boma. Lamulo la nyumba la 1987 linalola nthambi ya Federal Housing Administration, kapena kuti FHA, imene ili pansi pa unduna wa za nyumba wa HUD, kuti iziika inshuwalansi pa ngongolezi. Yoyamba ya HECM inaperekedwa mu 1989, ndipo pulogalamu imene inayamba ngati yongoyesa inakhazikika mu 1998. Ngongole ikaposa mtengo wa nyumba, chotsalacho chimalipidwa ndi thumba la inshuwalansi la FHA. Wokongola kapena ana ake salondoledwa pa chuma china chilichonse.

Chiwerengero chinakwera kwambiri m'zaka za m'ma 2000, kufika pa ngongole pafupifupi 115,000 m'chaka cha boma cha 2009 chokha. Chatsika kwambiri kuchokera pamenepo, ndipo mabanki akuluakulu anatulukamo: Bank of America ndi Wells Fargo mu 2011, MetLife mu 2012.

Munthu amalandira zingati, ndipo zimamudyera zingati?

Zimadalira zinthu zitatu: msinkhu wake, mtengo wa nyumba, ndi chiwongoladzanja cha nthawiyo. Wamkulu kwambiri amalandira zambiri chifukwa ngongole yake sikhala ndi zaka zochuluka zokulira. Wa zaka za m'ma 60 kawirikawiri safika pa theka la mtengo wa nyumba yake. Palinso malire a mtengo umene FHA imawerengera. Mu 2025 anali $1,209,750, kotero mwini nyumba ya madola 2 miliyoni amawerengeredwa ngati wa nyumba ya mtengo umenewo.

Zolipira poyamba si zochepa. Kuyambira mu Okutobala 2017, inshuwalansi ya FHA ndi 2 peresenti ya mtengo wa nyumba pachiyambi, kenako 0.5 peresenti ya ngongole chaka chilichonse. Wobwereketsa amaloledwa kudula 2 peresenti pa $200,000 zoyamba ndi 1 peresenti pa zotsala, osapitirira $6,000. Tiyerekeze nyumba ya $300,000: inshuwalansi $6,000, wobwereketsa $5,000, zonse $11,000, tisanawerengere woyesa mtengo wa nyumba ndi zikalata. Ambiri ndalamazi sazitulutsa m'thumba, zimangophatikizidwa ku ngongole, n'chifukwa chake sizipweteka tsiku losaina. Koma nazonso zimabereka chiwongoladzanja.

Kukula kwa ngongole ndi kumene anthu amakuderera. Ngongole ya $100,000 imene ikukula ndi 7 peresenti pachaka imafika pafupifupi $200,000 pakatha zaka 10, ndipo imayandikira $400,000 pakatha zaka 20.

Ngati palibe kubweza mwezi ndi mwezi, nanga ena amalandidwa bwanji nyumba?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ngongoleyi imachotsa kubweza kwa mwezi ndi mwezi, koma sichotsa ndalama zina zimene nyumba imadya. Msonkho wa nyumba wopita ku boma la dera uli pompo. Inshuwalansi ya nyumba ili pompo. Denga likayamba kudontha, wokonza ndi inuyo. Mukalephera chimodzi mwa izi, mwaphwanya pangano, ndipo wobwereketsa atha kuitanitsa ngongole yonse. Wokalamba amene wakanika msonkho wa $3,000 sangapeze $150,000 yobweza, choncho mathero ake ndi kulandidwa nyumba.

Pali kanthu kena kamene kanasokoneza ambiri. Pa ngongole wamba ya nyumba ku America, msonkho ndi inshuwalansi nthawi zambiri zimalowa m'ndalama imene munthu amapereka ku banki mwezi uliwonse, banki n'kumakalipira yokha. Munthu atha kukhala zaka 30 osaonapo kalata ya msonkho ngati chinthu chofuna kuti iye achitepo kanthu. Atasinthira ku HECM chisanafike chaka cha 2015, udindo wonse unagwera iye, ali ndi zaka 70 kapena 80, mwina maso ayamba kuvuta, mwina amene ankasamala za makalata m'banjamo ndi malemu amuna ake.

Mu 2012 bungwe loteteza ogula pa za ndalama la Consumer Financial Protection Bureau, CFPB, linapereka lipoti ku nyumba ya malamulo, monga linalamulira lamulo la Dodd-Frank la 2010. Linapeza kuti pafupifupi ngongole imodzi mwa khumi zilizonse za HECM, 9.4 peresenti, inali m'mavuto chifukwa cha msonkho kapena inshuwalansi yosalipidwa. Linapezanso kuti okongola oposa 70 peresenti ankatenga ndalama zonse, kapena pafupifupi zonse, tsiku loyamba lomwelo. Chaka chotsatira FHA inakatapa $1.7 biliyoni ku thumba la boma, koyamba m'mbiri yake, ndipo gawo lalikulu la vutolo linachokera ku ngongole zimenezi.

Boma lili ndi mabuku a ngongole zonse. Kafukufuku wapadera ngwachiyaninso?

Mabuku a boma ankanena za ngongole, osati za munthu. HUD inkadziwa msinkhu wa wokongola, mtengo wa nyumba ndi ndalama zimene watapa. Sinkadziwa kuti amalandira zingati pamwezi, ali ndi ngongole zina zingati, kapena mbiri yake yobweza ngongole ndi yotani, pa chifukwa chosavuta: chisanafike chaka cha 2015, obwereketsa sankalamulidwa kufunsa zimenezi. Popeza panalibe kubweza mwezi ndi mwezi, ankaona ngati n'zosafunika. Ndiye mavuto atabuka, panalibe amene akanatha kunena kuti amene akugwawa ndi anthu otani.

Akafukufuku akuluakulu a okalamba nawonso sankathandiza kwenikweni. Health and Retirement Study ya ku University of Michigan, imene inayamba mu 1992 ndipo imafunsa anthu pafupifupi 20,000 a zaka zoposa 50 pa zaka ziwiri zilizonse, ndi chuma chamtengo wapatali. Koma otenga reverse mortgage ndi ochepa kwambiri, pafupifupi awiri mwa eni nyumba okalamba 100 alionse, kotero m'gulu lotere amapezekamo owerengeka, osakwanira kumangirapo mfundo yolimba.

Ndipo ngakhale pa ngongole penipenipo mabuku anali ndi mabowo. Mu 2019 ofesi yofufuza kayendetsedwe ka chuma cha boma, GAO, inapeza kuti mwa ngongole zimene zinatha, zotha chifukwa wokongola waphwanya pangano zinakwera kuchoka pa 2 peresenti mu 2014 kufika pa 18 peresenti mu 2018. Inanenanso kuti pa ngongole pafupifupi 30 peresenti, mabuku a FHA sankaonetsa chimene chinathetsa ngongoleyo. Kodi mwini anamwalira mwamtendere m'nyumba mwake, kapena anatulutsidwa? Kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene kumatiuza ngati pulogalamu ikugwira ntchito, ndipo boma lenilenilo silikanatha kuyankha.

Ndani analipira kafukufuku amene anatseka mpata umenewu?

Ntchito yodziwika kwambiri ndi ya ku Ohio State University, yotsogoleredwa ndi Stephanie Moulton pamodzi ndi Donald Haurin ndi Cäzilia Loibl. Ndalama zinachokera ku MacArthur Foundation ya ku Chicago, kudzera mu pulogalamu yake ya How Housing Matters, ya madola 25 miliyoni, yofufuza mmene nyumba imakhudzira moyo wa mabanja. Zina zinachokera ku HUD.

Nzeru yawo inali pa kumene anakatenga uthenga. Lamulo limati aliyense wofuna HECM ayambe waonana ndi mlangizi wovomerezeka ndi HUD, ndipo alangiziwa amafunsa zimene obwereketsa sankafunsa: ndalama zolowa, ngongole, zogula za pamwezi. Ofufuzawo anagwirizana ndi bungwe lina lalikulu la ulangizi wa ngongole, CredAbility, limene pambuyo pake linaphatikizana ndi ClearPoint, n'kutenga mbiri ya okalamba pafupifupi 30,000 amene analangizidwa pakati pa 2006 ndi 2011. Mbiri imeneyi anailumikiza ndi mabuku a HUD komanso a makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, kenako anafunsanso ena mwa okalambawo patapita zaka zingapo.

Chimene ndimachiona chachikulu pa njirayi n'chakuti m'gululi munali anthu a mitundu iwiri: amene anatenga ngongole atalangizidwa, ndi amene anamva zonse n'kukana. Popanda gulu lachiwirili simungadziwe ngati ngongole inathandiza kapena inapweteka. Wokalamba amene watenga HECM n'kudzataya nyumba patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mwina akanaitaya chaka choyamba chomwe akanapanda kutenga. Mtolankhani amaona tsiku lotulutsidwa m'nyumba, wotsatsa amaona tsiku lolandira cheke. Kuti muone zaka za pakati pamafunika anthu olipidwa kutsatira mabanja omwewo kwa nthawi yaitali, ndipo ndalama za kafukufuku zimapita kumeneko: olumikiza mabuku, oimba mafoni, ndi zilolezo zogwiritsa ntchito mbiri ya anthu mosaulula mayina.

Anapeza chiyani?

Zotsatira zikuluzikulu zinasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya akatswiri ya Journal of Urban Economics. Kulephera msonkho ndi inshuwalansi sikunkagwera aliyense mwachisawawa. Kunkaoneka kale tsiku losaina. Amene anali pa chiopsezo chachikulu ndi otapa gawo lalikulu la ndalama pachiyambi, a mbiri yofooka yobweza ngongole, amene anatsalirapo kale pa ngongole ya nyumba kapena pa msonkho, ndi amene msonkho wa nyumba unkadya gawo lalikulu la ndalama zawo. Kuchepa kwa ndalama zolowa pakokha sikunali chizindikiro champhamvu ngati mbiri ya kabwezedwe. Mfundo imeneyi ndi yofunika chifukwa lamulo lokanira aliyense wa penshoni yochepa likanatsekera kunja anthu enieni amene pulogalamu inapangidwira, osachepetsa vuto kwenikweni.

Pofunsa okongolawo, anapeza kuti ambiri anatenga ndalamazo kuti athetse ngongole yakale ya nyumba kapena kuti azikwanitsa zofunika za tsiku ndi tsiku. Maulendo a pa nyanja amene amaonetsedwa potsatsa sanali nkhani ya ambiri. Ochuluka ananena kuti ndi okhutira ndi chisankho chawo.

Gulu lomweli linadzayesanso kanthu kotsika mtengo: kutumiza makalata okumbutsa okongola kuti nthawi ya msonkho yayandikira. Olandira makalata analephera mocheperapo. Zikuoneka zazing'ono, koma zikusonyeza kuti ena mwa okanikawo sikuti analibiretu ndalama.

Kodi kafukufukuyu anasintha malamulo?

Sitinganene kuti ndiye yekha anasintha, pakuti chimene chinathamangitsa boma kwambiri ndi ndalama zimene thumba la FHA linkataya. Lamulo la Reverse Mortgage Stabilization Act la 2013 linapatsa HUD mphamvu yosintha pulogalamu mwachangu. Chaka chomwecho inaika malire akuti m'chaka choyamba munthu asatape zoposa 60 peresenti ya ndalama zimene wavomerezedwa, kupatula pamene pali ngongole yakale yoti ithetsedwe. Kuyambira mu Epulo 2015 obwereketsa ayenera kuunika chuma ndi mbiri ya wokongola, ndipo akaona kuti adzavutika, amapatula ndalama za msonkho ndi inshuwalansi kuchokera mu ngongole momwemo, zowerengeredwa pa zaka zimene akuyembekezeka kukhala ndi moyo.

Chimene kafukufuku anachita ndi kupereka umboni woti njira ziwirizi zikulunjika pa bala penipeni, komanso woti kupatula ndalama n'kwabwino kuposa kungokana anthu. Kuipa kwake n'kwakuti ndalama zopatulidwazo zimachepetsa zimene munthu amagwira m'manja, ndipo kwa mwini nyumba yotsika mtengo sipatsala kanthu. Amene ankafunitsitsa thandizo ndi amene tsopano amabwerera chimanjamanja.

Nanga nkhani ya amayi amasiye otulutsidwa m'nyumba inali yotani?

Popeza wamkulu amalandira zambiri, mabanja ena ankalangizidwa kuti pa ngongole alembe wamkulu yekha, nthawi zambiri mwamuna, ndipo mkazi wocheperako msinkhu achotsedwe pa chikalata cha umwini. Mwamuna akamwalira ngongole inkaitanitsidwa, mayi ali pa maliro n'kulandira kalata yoti abweze kapena atuluke. Maloya a AARP Foundation, nthambi ya bungwe loimira anthu achikulire, anatengera HUD ku khoti, ndipo mu 2013, pa mlandu wa Bennett v. Donovan, khoti linagamula kuti malamulo a HUD akusemphana ndi lamulo lokhazikitsa pulogalamuyi.

Pa ngongole za kuyambira pa 4 Ogasiti 2014, mkazi kapena mwamuna wosalembedwa pa ngongole atha kukhalabe m'nyumbamo ngati anali pabanja ndi wokongola pa nthawi yosaina, anatchulidwa m'zikalata, ndipo akupitiriza kukhalamo ndi kulipira msonkho ndi inshuwalansi. Koma ndalama zimaima; sangatapenso zotsala. Vuto ili linaululidwa ndi makhoti ndi maloya othandiza osauka, osati ofufuza, chifukwa m'mabuku a ngongole munthu wosalembedwa saoneka n'komwe.

Kodi vutoli linagwa mofanana paliponse?

Ayi. Mu 2019 nyuzipepala ya USA Today inaunika mabuku a boma n'kupeza ngongole pafupifupi 100,000 zimene zinalephereka, zambiri m'madera a m'mizinda monga Chicago, Philadelphia, Baltimore ndi Detroit. M'madera okhala anthu akuda ambiri, kulanda nyumba kunkachitika kasanu ndi kamodzi kuposa m'madera okhala azungu ochuluka. M'mabanja ambiri a kumeneko nyumba ndi chuma chokhacho chosiyira ana, kotero ikapita, ndiye kuti thukuta la m'badwo wonse lapita.

Makampani obwereketsa akalipira kafukufuku, pali cholakwika?

Kulipira pakokha si mlandu, ndipo zina zimene makampani amasonkhanitsa n'zothandiza. Bungwe lawo, NRMLA, limafalitsa chiwerengero cha chuma chimene eni nyumba a zaka 62 kupita m'tsogolo ali nacho m'nyumba zawo, ndipo chinadutsa madola 13 thililiyoni. Koma funso limene wogulitsa amafunsa ndi lakuti tingafikire bwanji chuma chimenechi. Funso lakuti mayi wa zaka 84 wa ku Philadelphia anapita kuti atatulutsidwa silimubweretsera phindu.

Kuyambira 2012 kwatuluka kafukufuku wina wa akatswiri olangiza za chuma, monga Barry Sacks ndi Stephen Sacks, John Salter ndi Harold Evensky a ku Texas Tech University, kenako Wade Pfau. Iwo anaonetsa kuti munthu amene ali ndi masheya ndi penshoni yabwino atha kutsegula thumba la HECM msanga, n'kumatapamo pa zaka zimene msika wagwa m'malo mogulitsa masheya motchipa. Masamu ake ndi omveka, pakuti ndalama zosatapidwa m'thumbali zimakula chaka ndi chaka. Makampani anaikonda kwambiri mfundoyi ndipo amaibwereza pena paliponse. Chofunika kukumbukira n'chakuti ikunena za munthu wopeza bwino amene ali ndi mlangizi wake, pomwe wokongola amene Ohio State inamupeza m'mabuku a alangizi anali wothinidwa ndi ngongole.

Pa zotsatsa, mbiri si yoyera. Mu Disembala 2016 CFPB inalipiritsa makampani atatu, kuphatikizapo American Advisors Group, chifukwa cha malonda osocheretsa, ena onena kuti munthu sangataye nyumba yake.

Ngati okalamba ali ndi chuma chochuluka chonchi m'nyumba, bwanji otenga ndi ochepa?

Funsoli lazunguza akatswiri a za chuma kwa zaka zambiri. Steven Venti ndi David Wise anaonetsa kalekale kuti okalamba a ku America sadya chuma cha m'nyumba pokhapokha pakagwa imfa ya mnzawo kapena matenda aakulu. Makoto Nakajima ndi Irina Telyukova, mu 2017, anatchula zifukwa monga kufuna kusiyira ana, kuopa kudzasamukira ku nyumba yosamalira okalamba ngongole isanapindule, ndi kukwera kwa zolipira poyamba. Kwa ambiri nyumba ndi nkhokwe yosatsegulidwa kufikira njala yeniyeni itafika, ndipo ku America njala imeneyo ndi mtengo wa chisamaliro cha ukalamba, umene Medicare, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo ya okalamba, silipira kwa nthawi yaitali.

Komabe chitsenderezo chikukula. Joint Center for Housing Studies ya ku Harvard inapeza kuti eni nyumba a zaka 65 mpaka 79 amene akadali ndi ngongole ya nyumba anakwera kuchoka pa 24 peresenti mu 1989 kufika pa 41 peresenti mu 2022.

Makolo akamwalira, ana amatani?

Ali ndi njira zitatu. Atha kugulitsa nyumba, kubweza ngongole, zotsala n'kukhala zawo. Atha kuisunga pobweza ngongole yonse kapena 95 peresenti ya mtengo wa nyumba pa nthawiyo, chimene chachepa pa ziwirizi. Kapena atha kuipereka kwa wobwereketsa osalipira kanthu. Nthawi ndi yochepa: kalata ikafika amafunika kuyankha m'masiku 30, ndipo kawirikawiri amapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi, imene itha kuwonjezeredwa akaonetsa kuti akugulitsadi kapena akufunafuna ndalama. Ngati ana ali kutali, kapena akuyendetsa zotengera thupi kumudzi, masiku 30 amatha osadziwa. Mdzukulu kapena m'bale amene ankakhala ndi agogo koma sanalembedwe pa ngongole alibe chitetezo chimene mkazi kapena mwamuna wa malemu ali nacho.

Ndili ku America koma ndimafuna kumakhalitsa kumudzi ndikapuma pantchito. Ngongoleyi ingandiyenere?

Samalani kwambiri pamenepa. Nyumba iyenera kukhala malo anu enieni okhala, ndipo chaka chilichonse mumasainira chikalata chotsimikiza zimenezi. Mukachokapo miyezi yoposa isanu ndi umodzi pa zifukwa zosakhudza matenda, ngongole itha kuitanitsidwa. Pa matenda malire ndi miyezi 12 yotsatizana. Kalata yotsimikizayo ikafika inu muli ku Zomba kapena ku Chipata n'kukhala yosayankhidwa, wobwereketsa atha kuganiza kuti munasamuka. Amene cholinga chake n'kubwerera kwawo pakatha zaka zitatu kapena zinayi angachite bwino kungogulitsa nthawi ikakwana, chifukwa zolipira poyamba zija sizibwezedwa.

Dziwaninso kuti ndalama za ngongoleyi sizidulidwa msonkho ndipo sizikhudza penshoni ya boma ya Social Security kapena Medicare, koma zikagona ku banki mpaka mwezi wotsatira zimawerengedwa ngati chuma pa SSI, thandizo la boma kwa okalamba ndi olumala osauka, limene malire ake ndi $2,000 kwa munthu mmodzi ndi $3,000 kwa banja, ndipo zitha kusokonezanso Medicaid, thandizo la boma la kuchipatala kwa osauka.

Ndalama za kafukufuku wotere zikuchokera kuti masiku ano?

Magwero ake ndi ochepa: nthambi ya kafukufuku ya HUD, National Institute on Aging, mabungwe achifundo, ndi makampani. Pulogalamu ya MacArthur ija inali ya nthawi yoikika ndipo inatha. Gwero lina lalikulu linali Social Security Administration, imene kuyambira 1998 inkathandiza malo ofufuza za kupuma pantchito m'mayunivesite monga Boston College ndi Michigan. Mu Febuluwale 2025 nthambiyi inalengeza kuti yathetsa mapangano amenewa, ponena kuti ipulumutsa pafupifupi madola 15 miliyoni chaka chimenecho. Ikani 15 miliyoni imeneyi pambali pa 1.7 biliyoni ya 2013, imene gawo lake lalikulu linatayika pa ngongole zoperekedwa popanda wofunsa kuti wokongola angakwanitse msonkho kapena ayi.

Ntchito yoti ichitike ilipo. Okongola oyamba a pansi pa malamulo a 2015 tsopano akufika zaka za m'ma 70 ndi 80, pomwe inshuwalansi ya nyumba yakwera koopsa m'zigawo monga Florida ndi California. Ndalama zopatulidwa zija zinawerengeredwa pa mitengo yakale ndipo zitha kutha mwini akadali moyo. Palinso kufananiza HECM ndi njira zotsika mtengo, monga kuimikira msonkho wa nyumba mpaka mwini atamwalira kapena kugulitsa, zimene zigawo monga Oregon, Colorado ndi Massachusetts zimalola, ndipo Alicia Munnell wa ku Boston College wakhala akuzilimbikitsa. Njira imeneyi ilibe wotsatsa pa wailesi yakanema chifukwa palibe kampani yodyapo.

Kodi maiko ena ali nazo?

Ku Britain zimatchedwa equity release ndipo zimayambira pa zaka 55. Kumeneko boma siliika inshuwalansi. Makampani a mu Equity Release Council ndi amene amalonjeza kuti ngongole siidzaposa mtengo wa nyumba, lonjezo limene linabadwa mu 1991 okalamba ambiri atapsa ndi mapulani a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. South Korea inayambitsa yake ya boma mu 2007, Hong Kong mu 2011.

France ili ndi njira yakale yotchedwa viager, yogulitsa nyumba kwa munthu amene amakulipirani mwezi ndi mwezi mpaka mutamwalira. Mu 1965 Jeanne Calment wa ku Arles, ali ndi zaka 90, anachita pangano lotere ndi loya wina. Loyayo anamwalira mu 1995 atalipira zoposa kawiri mtengo wa nyumbayo osalowamo, ndipo gogoyo anamwalira mu 1997 ali ndi zaka 122. Chiopsezo chimenechi ndi chimene FHA inasenza ku America.

Nanga ku Malawi zingatheke?

Pamafunika chikalata cha umwini chosakayikitsa, msika woti nyumba igulitsike msanga, wina wosenza chiopsezo cha moyo wautali, ndi chiwongoladzanja chotsika. Chomalizachi chokha chikukwanira kuyankha. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amakongoza pamwamba pa pamenepo. Ngongole yosabwezedwa imene ikukula ndi 26 peresenti imawirikiza kawiri pa zaka zitatu zilizonse. K10 miliyoni imadutsa K100 miliyoni pakatha zaka 10.

Ndikapita kwa mlangizi ndikafunse chiyani?

Mlangizi wovomerezeka ndi HUD sagwira ntchito ya wobwereketsa, ndipo mutha kulankhula naye pa foni. Tengani mwana kapena m'bale wodalirika, pamodzi ndi mkazi kapena mwamuna wanu ngakhale sakulembedwa pa ngongole. Pemphani pepala loonetsa kukula kwa ngongole pa zaka 5, 10 ndi 20. Funsani ngati padzakhala ndalama zopatulira msonkho ndi inshuwalansi, ndi chimene chidzachitike zikatha. Funsani ngati dera lanu limachotsera kapena kuimikira okalamba msonkho wa nyumba, pakuti ena vuto lawo lonse limathera pamenepo. Wina akakuuzani kuti ndalama za ngongoleyi mugulire inshuwalansi ya penshoni kapena muziike mu bizinesi yake, nyamukani; lamulo la 2008 linaletsa obwereketsa kumangirira malonda otere pa HECM. Ndipo mukasaina n'kusintha maganizo, pa ngongole zambiri za HECM muli ndi masiku atatu a ntchito oti mulembe kalata yothetsa pangano popanda chilango, kupatula pamene ngongoleyo ndi yogulira nyumba yatsopano.